Bulawayo Tinamuponya M'madzi

Amayi anga, kumeneko mwazolowerako? Muli bwanji?

Kuno ku Chipyela tilipo. Mdzukulu wanu Yohane wayamba kuyenda, moti mugolosale akusolola chilichonse chomwe dzanja lafikira. Chinangwa munabzala ku Khuyu chija tinakumba, kondowole wake tikudya mpaka pano. Alamu anga, akazi awo a achimwene a Petulo, anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Izi ndayambira dala, chifukwa nkhani yeniyeni ikundilemera pakamwa.

Ndi nkhani ya makina anu amkuwa osungiramo ndalama, aja munkangowatchula kuti Bulawayo. Ababa ankati anawapatsa ndi mwini sitolo yomwe ankagwirako ntchito ku Bulawayoko, atagula ena amagetsi. Anawanyamula pa sitima ya pamtunda, palole, mpaka pa sitima ya pamadzi, anzawo akuwaseka kuti ena akubwera ndi masuti, iwo akubwera ndi chitsulo. Ankatifotokozeranso kuti amene anayamba kupanga makina otere kutsidya kwa nyanja anali mwini bala wotopa ndi antchito a manja ataliatali, ndiye anaikamo belu kuti dilowa ikatseguka aliyense amve. Mabatani ake anali a mapaundi ndi masheleni, osagwirizana ndi kwacha n'komwe, koma inu ngakhale munthu agule machesi munkapukusa chogwirira, ngiii! Munkati, "Golosale yopanda belu ndi nyumba ya maliro."

Maliro anu atatha, ababa anakakhala ku Mbungo kwa azakhali. Ine ndinapentetsa golosale, ndinayamba kulandira ndalama za pafoni, ndipo Bulawayo ndinamuona ngati akungodya malo pakauntala. Mphepo ya mwera itawadulira nangula wa boti bambo a Yohane, anandifunsa ngati kuli chitsulo cholemera choti amangeko chingwe. Amayi, sanachite kundikakamiza ayi. Ndine ndinawalozera ndekha, ndinawathandizanso kukweza pawilibala. Makina amene munkawapukuta ndi ndimu ndi phulusa Loweruka lililonse akhala akugona m'madzi, akugwira boti la usipa.

Mwezi wathawu ababa anabwerera. Maso aja tsopano afera limodzi, saonanso ngakhale khomo. Anakhala pa mpando wawo wakale pakhonde la golosale, khutu lili tcheru. Anthu akulowa, akutuluka, koma m'kati muli zii. Masana anandiitana. "Esinati, kodi malonda agwa? Belu silinalire chiyambire m'mawa."

Apa ndi pamene ndinawonjezera manyazi pa manyazi. M'malo mowauza zoona, ndinakabwereka belu la njinga n'kulibisa pansi pa kauntala. Mayi wina atagula sopo ndinaliza. Ababa anati, "Amene walowa ndi njinga mugolosale atuluke nayo." Mayi uja anaseka mpaka kugwira khoma. Ababa sanaseke. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika, mayi wa mwana wathunthu kunamiza bambo wake wosaona ngati akusewera ndi khanda.

Ndinagwada n'kuwauza zonse. Mawa lake bambo a Yohane anamuvuula Bulawayo, ndipo tinadutsa naye pamsika dzuwa likuswa mtengo, ali ndere zokhazokha, madzi akuchucha, tinkhono titamatirira pamabatani. Amayi anzanu a Chigwirizano cha kutchalitchi anasiya kugula n'kumangondiyang'ana. Kunali bwino akanandinyoza.

Ababa anamupapasa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chogwirira chinakana, dzimbiri ladya m'kati. Pofuna kuwatonthoza ndinati, "Ababa, musadandaule, golosale sinagwe, ndalama zikulowa pafoni." Anati, "Iwe mwana, ine ndalama ndinali nazo ntchito yanji? Maso atayamba kufa, belu likalira ndinkadziwa kuti amayi ako ali pomwepa."

Amayi, ndinakulira mugolosale imeneyi koma izi sindinkazidziwa. Ndinkayesa ndataya chitsulo.

Pano tamubwezera pamalo pake. Tsiku lililonse ababa amamudonthezera mafuta a makina osokera, ine ndimakwecha dzimbiri ndi mswachi wakale. Dzulo batani la sheleni linatsika pang'ono, ndipo ababa anadya bwino kwa nthawi yoyamba chibwerereni. Belu lokha silinalire.

Munkati madzi akatayika saoleka, koma awa ndiyesa kuwaola. Ngakhale zitengere kukwera naye sitima kukafuna mmisiri kumtunda, ndikulonjeza kuti belu limeneli lidzalira ababa akadali ndi makutu olimvera. Tsiku limenelo chogwirira adzapukusa ndi iwo, ine ndidzaima panja kuti mutsale awiri. Mundikhululukire, amayi. Ndimakukondani, ngakhale ntchito za manja anga zanena zina.

Ndine mwana wanu wamanyazi,
Esinati