Fumbi la Khasu Lachita Dzimbiri

Wokondedwa mwana wanga Tiyamike,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko. Akundilembera ndi azakhali ako. Kuno fodya tapachika, koma chotupa cha m'mimba mwa amayi ako chikukulirakulira. Adokotala akuti Lachinayi tipite ku Lilongwe, akawabaye mankhwala asanawaunike pamakina. Ine ndakana.

Paja unati ukupanga fumbi lachitsulo loyenda m'magazi, loti makina a maginito azionera bwino matenda. Ndinapala khasu langa ndi tupa, fumbilo ndikuliviika m'kapu yamadzi. Patatha masiku atatu, dzimbiri lokhalokha! Sukulu sindinapiteko, koma chitsulo ndimachidziwa. Chionereni zimenezi sindikukhazikika, ndikungozungulira chigafa.

Imba foni Lachinayi lisanafike, undiuze ngati mankhwala akawabayewo ndi fumbi lakolo, ndiponso mmene limatulukira m'thupi. Ukandikhutiritsa, ndiwaperekeza ndekha. Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako,
Gelesomu Phiri