Ndaphwasula Wailesi Yanu, Amayi

Amayi, kukucha bwanji kumeneko? Kuno ku Lifidzi chisanu chabwera msanga, ndipo ine thupi langoti lende.

Mwana wanu Lusiya anachira bwino. Ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu. Nyemba zachitako, koma kachewere wa kudimba anapsa ndi chiwawu. Amene ndinapita naye ku Domwe sanalemetse n'komwe njinga.

Chanditopetsa kwambiri ndi ampulifikadolo, bokosi lokuzira mawu a gitala lija munandigulira mutagulitsa nkhumba. Tikuimba pa ukwati wina, jeradolo, injini ya magetsi, inakweza moto mwadzidzidzi, bokosi linafuka utsi n'kukhala chete. Nditatsegula ndinapeza timigolo tija timati makondensadolo titatupa, tiranzisito imodzi itapserera.

Ndinapalasa mpaka ku Ulongwe, ogulitsa zipangizo anangopukusa mitu, ati za mtundu umenewo zinasiya kubwera, ndikayese ku Tete. Ine ulendo wa ku Tete ndiuyamba bwanji? Ubatizo wa mwana wa Lusiya unali pafupi, ndipo akwaya anali atanena kale kuti ndikalephera atenga woimba wina wa ku Fonte Boa, osati wa tsiku limodzi lokha ayi.

Munkati mbiya ikasweka sitaya, phale lake limakazinga chimanga. Tiranzisito ndinaizula mu televizawu yakufa ya aneba. Koma makondensadolo, Amayi, ndinawachotsa mu wailesi yanu ya makaseti ija munkaiika pakhonde pomenya nyemba. Siinali yosweka, inkalira bwinobwino. Ake ndi aang'ono, ndiye ndinawamanga awiriawiri, ndikuwotcherera ndi mtovu mpaka maso kuwawa.

Lusiya anandipeza wailesi ili gada pamphasa, mawaya ali panja. Anaima mwana ali kumbuyo, kenaka anati, “Achimwene, ndiye mwawatseka pakamwa Amayi kachiwiri.”

Bokosilo linadzuka, koma limang'ung'udza ngati njuchi, ndipo ndikakweza mawu limatentha. Pa ubatizo ndinaimba motsitsa, ndikuligwiragwira pamwamba ngati mwana wa malungo. Linapirira mpaka nyimbo yotulukira. Akwaya andisunga. Lusiya anavina nawo popereka mphatso, koma kunyumba kwanga sanapondeko mpaka lero, ndipo ndikamupatsa moni amayankha akuyang'ana mwana.

Mvula isanagwe ndidzabwera kudzalambula pamene mwagonapo. Ndidzamupempha Lusiya kuti tiyende njira imodzi. Akakana, ndidzabwerabe ndi khasu langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Jasinto