Ndolo za Imogen

Wokondedwa msuweni Hilary,

Ndikhulupirira uli bwino ku Canada konko. Kuno ku Leeds ndi mvula basi.

Imogen, mwana wa achimwene, akukwatiwa mu Julayi. Mwambo uja ukuudziwa: mkwatibwi avale kanthu kobwereka kwa mkazi wa banja lokoma kuti mwayi umutsate. Ndiye dzulo anabwera: "Azakhali, mundibwereke ndolo zanu. Banja ngati lanu ndi a Clive kulibe!"

Ndinangoseka. Banja limene ndinasiyira yunivesite lija! Sanaone kuti kuchitseko kwakolekedwa chikhoti chimodzi chokha. A Clive "ali kuntchito" chiyambire Febuluwale.

Tumiza ndolo zako msanga, ndidzamuuza kuti ndi zanga. Amuna ako ndi otopetsa, koma amabwera kunyumba. Zangazi sindingamuveke mwanayu.

Usandiimbire foni. Chisoni chako sindichifuna.

Ndine msuweni wako,
Glenda