Kwaya ya atate yagawika pamaliro

Okondedwa alongo anga ba Dominiko,

Muli bwanji ku Solwezi, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno ku Mpanshya tili bwino, koma mwendo wa amayi ukadavutabe.

Kwaya ya malemu atate yatha. Mukukumbukira mmene anagwirizanitsira Asoli, Ansenga ndi aphunzitsi Achibemba, n'kuika otsogolera awiri, ba Lusiya kunyimbo za Chisoli, ba Tembo a mbali ya Ansenga ku za Chinyanja, ng'oma ili m'manja mwa atate. Mabenchi sankatikwana.

Loweruka tinaika Kelesenziya, woimba mnzathu, mayi ake Msoli, bambo ake Mnsenga. Bokosi litatuluka m'nyumba, ba Lusiya anayambitsa nyimbo, ba Tembo nawonso yawo, aliyense akuti mwanayo ndi wawo. Palibe anagonja. Atate akanangomenya ng'oma kamodzi, nkhani n'kutha. Mtsikana uja tinamuperekeza ndi phokoso mpaka kumanda.

Dzulo agawana zitenje za kwaya. Ba Tembo anandifunsa kuti, "Nanga inu ba Agnesi, muli mbali iti?" Ndinangolira.

Mbali zonse ziwiri zikufuna ng'oma ya atate. Chonde bwerani mudzaitenge. Kuli bwino ikakhale chete kwanu kuposa kuti iziimbira theka la anthu ake.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Agnesi