Ankhoswe M'kalavani

Indianapolis, Indiana
16 Okutobala 2016

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndi kuti bondo lija lasiya kuvuta. Ife kuno tili bwino, mdzukulu wanu Upile nayenso akulimbikira sukulu ku South Bend. Kalatayi ndapatsira Evelina amene akunyamuka Lachinayi, ndipo walonjeza kuti afika nayo yekha ku Namadzi. Pa foni ndalephera kukufotokozerani. Ndikangoti, "Amayi, tamverani," inu mumayamba kulira, kenako foni imaduka, ndiye mumatsala ndi theka la nkhani, theka loipalo.

Ukwati wanga sunathe, Amayi. Apongozi anu sindinawathamangitse, ndipo sakugona pansi pa mlatho monga anakuuzirani amalume. Auzeni amayi a Mvano asiye kusala kudya. Koma moto wake unalipo ndithu, ndipo nkhuni zina ndinasonkhezera ndine.

Mukudziwa kuti zaka zonsezi ine ndi a Mervin tinkagwira ntchito mosinthana kuti mwana asakhale yekha. Iwo akamalowa m'nyumba, ine ndinkakhala ndikutuluka kupita kuchipatala. Tinkasiyirana mwana ndi makiyi pakhomo. Upile atapita ku koleji chaka chatha, mashifiti athu anafanana, tinayamba kupezeka m'nyumba nthawi imodzi, ndipo tinazindikira kuti tilibe chokambirana. Sitinayambane ayi. Mwina tikanayambana bwenzi zili bwinoko. Iwo ankaonera mpira pansi, ine ndili m'chipinda cham'mwamba ndi foni yanga. Tsiku lina ananditumizira uthenga wofunsa kumene kuli mchere, tonse tili m'nyumba momwemo.

Loweruka lina mu Epulo anabwera akumwetulira ngati wopambana chisankho, n'kundionetsa chithunzi.

"Mayi a Upile, tagula nyumba kunyanja."

Ndinachiyang'anitsitsa. "Nanga nyumba yake bwanji ili ndi matayala?"

Ndi kalavani, Amayi. Ganizirani minibasi yaitali yopanda injini, mkati mwake muli bedi, tebulo, chitofu, filiji, ngakhale chimbudzi. Anaigula kwa mzungu wina wa kuntchito kwawo amene wapuma pantchito. Ili pa kampu ina m'mbali mwa kanyanja, ulendo wa maola awiri pa msewu wopita ku South Bend. Anthu amachita lendi kamalo kuyambira Epulo mpaka Okutobala, kalavani imangokhala pomwepo, eni ake n'kumapitako Lachisanu lililonse. Anthu a nyumba zabwinobwino amasiya makapeti awo kukaphika pa nkhuni ndi kulumidwa ndi udzudzu, ndiye amati akupuma.

Chimene chinandiwawa n'chakuti sanandifunse. Ndinati, "Ine ndinakwera ndege zitatu kuthawa utsi wa nkhuni. Pitani nokha."

Ndinkayembekezera kuti andinyengerera. Iwo anangonyamula chikwama n'kupita. Lachisanu lotsatira anapitanso. Lamlungu ankabwera akununkha utsi ndi nsomba, ine n'kuwalozera makina ochapira ndi chala.

Tsopano nali tchimo langa. Mu Julayi ndinakumana ndi Belinda pa shopu ya ku Lafayette Road kumene timagula ufa ndi nyama ya mbuzi. Belinda ndi mtsikana wa ku Lunzu amene timapemphera naye, wamtima wabwino, koma pakamwa pake anaiwala kuikapo chitseko.

"Achemwali, alamu sitikuwaona kutchalitchi masiku ano. Akudwala?"

Ine ndinati, "Alamu ako amagona m'galimoto kunyanja. Kwawo ndi kumeneko tsopano."

Ndinaona maso ake akukula. Ndikanatha kukonza mawuwo pomwepo, koma sindinakonze. Ndinanyamula nyama yanga n'kutuluka, ndipo kunena zoona mumtima munali mutazizira bwino. Nkhaniyo pofika ku South Bend, galimoto ija inali itaphwa matayala. Pofika ku Namadzi, galimoto inali itasowa, patatsala mlatho.

Mukukumbukira kuti titangofika kuno amalume anapempha anthu awiri kuti aimire ankhoswe athu: a Alufeyo a ku South Bend mbali ya a Mervin, ndi amayi Theresa, namwino mnzanga wamkulu, mbali yanga. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anthuwa sanagwirepo ntchito yawo, ndiye mpata utapezeka sanafune kuutaya. A Alufeyo anandiimbira foni ndi mawu a pamaliro.

"Mayi, tamva. Loweruka tikakumana komweko kumene kuli bamboyo. Tikufuna tikaone ndi maso mmene akuvutikira."

Nditayamba kufotokoza, anandidula. "Zonsezo mukanene pamaso pa ankhoswe."

Amayi Theresa anadzanditenga m'mawa. Kumbuyo kwa galimoto yawo kunali mabulangete atatu, majekete awiri ndi thumba la mpunga, zimene mpingo unasonkha kuti zikathandize munthu wosowa pokhala. Ndinayang'ana katunduyo, n'kukwera m'galimoto. Ulendo wonse ndinkangoona minda ya chimanga pawindo.

Kunali kotentha tsiku limenelo, mwezi wa Ogasiti. A Alufeyo tinawapeza atatidikira pa geti la kampu, atavala suti yakuda ndi tayi, Baibulo m'khwapa, pakati pa azungu a makabudula. Mayi wa pa geti anatifunsa mwaulemu ngati wina wamwalira. Tinayenda kudutsa makalavani ambiri, ena okhala ndi maluwa ndi timipanda, mpaka tinamva fungo la chimanga chootcha. Apongozi anu anali pansi pa mtengo, atavala kabudula ndi chipewa cha mlaza, masaya atatuluka, akutembenuza chimanga pa moto. Mkulu wina wa kalavani yoyandikana ankawafuulira kuti "Marv," iwo n'kumayankha.

A Alufeyo anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, ife tinamva kuti mwaonda."

Amayi Theresa anandinong'oneza, "Katundu uja tisatsitse."

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti a Mervin sankadziwa kalikonse. Nkhani imene inawoloka nyanja zikuluzikulu mpaka kukufikani inu, iwo inali isanawapeze. Anaganiza kuti ndawabweretsera alendo. Anathamanga kukatenga mipando, anatsegula Fanta, ankandiyang'ana ndi chimwemwe chimene ndinachiona komaliza tsiku lobadwa Upile.

A Alufeyo anakana mpando. Anati nkhani za banja sazengera pabwalo, tilowe m'nyumba. Tinalowa anthu anayi akuluakulu, kuzungulira katebulo kofanana ndi thireyi, maondo akugundana pansi. A Alufeyo anapemphera nthawi yaitali, kenako anatsamira zigongono patebulo kuti ayambe mlandu. Tebulo linatsika mwadzidzidzi mpaka m'maondo mwathu. Baibulo linagwera pa ine, Fanta pa amayi Theresa.

"Pepani," anatero a Mervin, "limakhalanso bedi la alendo."

Linakana kukweranso. Ndiye mlandu wa mwana wanu unazengedwa anthu atazungulira bedi.

A Alufeyo anakonza tayi. "Bambo, tiuzeni mosabisa. Mayiwa anakuthamangitsani tsiku liti?"

"Kundithamangitsa? Wanena zimenezo ndani?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinaulula zonse, mawu anga kwa Belinda, ndi kuti ndinaona kuti wamva molakwika koma ndinamusiya dala. A Mervin sanakalipe. Anangovula chipewa n'kuchiika pa bondo, ndipo chimwemwe chija chinachoka pankhope pawo ine ndikuona. Ndikanakonda akanakalipa.

Pomwepo kunja kunalira kabelu. A Mervin amatchera mbedza m'madzi n'kumangirira kabelu ku ndodo yake, kuti nsomba ikadya amve. Kanaliranso, mwamphamvu. A Alufeyo, amene anakulira ku Kachulu m'bwato la bambo awo, anayesa kupitiriza. "Banja, monga tikudziwa, ndi chinthu..." Khutu lawo linali panja. Kabelu katalira kachitatu anaimirira, mutu n'kugunda denga.

"Ameneyo ndi wamkulu, adula ulusi. Amayi Theresa, gwirizirani mlandu."

Anatuluka akuthamanga ndi suti yawo.

Amayi Theresa sazungulira polankhula. Akupukuta diresi lawo anati, "Bambo a Upile, nyumba muli nayo yabwino. Chidebe ichi munagulira chiyani, osafunsa mkazi wanu?"

A Mervin anazunguza chipewa. Kenako anati, "Ndikanafunsa akanakana. Amayi, nyumba yathu ija ndi yaikulu. Tikhoza kutha mlungu osagundana ngakhale phewa. Nditalowa muno tsiku loyamba, ndinaona kuti munthu sungapite ngakhale ku filiji osamuuza mnzako kuti zikomo ndidutse. Ndiye ndinati, muno ndiye adzandilankhula, ngakhale kungoti tapatukani."

"Nanga atakana kubwera, bwanji munkabwerabe?"

"Ndinkaganiza kuti Lachisanu lina ndidzawapeza atakhala kale m'galimoto."

Ine ndinayang'ana pawindo kuti asaone maso anga. Panja, a Alufeyo anali m'madzi mpaka m'maondo, tayi itagwera kumsana, azungu asanu akuwachemerera. Anabwera atanyamula mlamba wautali ngati mkono wanga, nsapato imodzi itatsala m'matope.

"Mlandu tafika nawo pati?"

"Tagamula kale," anatero amayi Theresa.

Chigamulo chinali chakuti tonse ndife olakwa. A Mervin azipezeka kutchalitchi Malamlungu awiri pamwezi, ndipo asadzagulenso chinthu cha matayala osandifunsa. Ine ndikamuuze Belinda zoona ndi pakamwa panga pomwepa, komanso nditsale pa kampu mpaka mawa lake. Ndinati sindinatenge zosinthira. Amayi Theresa anatsegula galimoto yawo, anandipatsa bulangete limodzi ndi jekete la osowa pokhala lija, n'kunyamuka.

M'mawa mwake ndinaphunzira chinthu chimene pa chithunzi chija sichinaoneke. Chimbudzi cha m'kalavani chilibe dzenje. Zonse zimasonkhana m'thanki pansi, ndipo mwini wake amakhuthulira m'kathanki kena ka matayala, n'kukakoka ngati mbuzi kukataya kumalo ake. A Mervin anatuluka atavala magolovesi aatali, magalasi ndi chophimba kukamwa, ngati dokotala wopita kukachita opaleshoni. Anagwira paipi ndi zala ziwiri, nkhope atayang'ana kumbali, ngati akufuna kusanza. Paipiyo sanaimange bwino, ndipo ndinaona kuti akangotsegula, tisamuka m'boma lino ndi manyazi.

Ine zaka makumi awiri ndakhala ndikusamalira odwala osatha kudzuka. Ndinati, "Tapatukani."

Anandiyang'ana, maso akuseka pamwamba pa chophimba chija. Ndinamanga paipi, ndinatsegula, ndinatsuka, zonse zinatha madzi a tiyi asanawire. Gogo wina wachizungu wa kalavani yoyandikana anaomba m'manja, n'kunena kuti miyezi inayi wakhala akuonerera Marv akulimbana ndi paipi imeneyo, ndipo kawiri konse inapambana ndi paipi. Tinakoka kathanki kaja tonse awiri kudutsa kampu yonse, tikuseka mpaka kuima panjira kuti tipume. Sindikukumbukira tsiku lina limene tinasekapo chinthu chimodzi nthawi imodzi.

Kuchokera pamenepo ndapitako Lachisanu lililonse limene sindili pa shifiti. Udzudzu sindinagwirizane nawobe. A Alufeyo amabwera Loweruka lililonse, akuti kudzayendera banja, koma amabwera ndi ndodo yawoyawo ndipo banjalo amalipatsa moni ali chotembenukira kumadzi. Belinda nditamuuza zoona analira, kenako anafunsa ngati angabwere ndi ana. Upile anabwera kamodzi ndi basi, anatiyang'ana tikukanganirana malo pa chitofu, n'kunena m'Chingerezi chake kuti makolo ake asokonezeka mutu. Koma anatijambula.

Dzulo tinakatseka, poti kampu imatsekedwa kukayamba kuzizira. Tinachotsa madzi onse m'mapaipi kuti asaundane, tinakolopa, n'kufunditsa kalavani ndi lona. Pobwerera sitinalankhule kwambiri. Sindikunamizani kuti zonse zakonzeka, Amayi. Kutsogoloku kuli miyezi isanu ndi umodzi ya chisanu, ndipo ndili ndi mantha pang'ono. Ngati amayi a Mvano akufunabe chopempherera, apempherere miyezi imeneyo, koma akudya.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Amalume asapitenso kwa abale a a Mervin ku Chiradzulu, nkhani inatha. Ndipo Evelina pobwerera mumupatsire zitenje ziwiri zofanana, zosawala kwambiri, ndikufuna kusoka makatani a mawindo asanu aang'ono.

Moni kwa achimwene ndi alamu, kwa ana onse, ndi kwa anakubala a pafupi nanu. Bambo a Upile akuti ndikupatseni moni wawo, ndipo akupepesa chifukwa cha misozi yanu, ngakhale wopepesa ndiyenera kukhala ine.

Mukapita kukalambula kumanda mwezi wamawa, mukaime pang'ono pa abambo m'malo mwanga. Ndili mwana ndinkakuonani awirinu mutakhala pakhonde masana a Lamlungu, inu mukusankha nyemba, iwo akukonza wailesi ija, ola lathunthu osalankhulana. Ndinkathawira kwa anzanga poganiza kuti mwayambana. Mlungu wathawu ndinakhala ndi a Mervin m'mbali mwa madzi chimodzimodzi, ndipo nditadzuka kuti ndikatenge juzi anandigwira dzanja, osanena kanthu, ine n'kukhalanso pansi. Pepani, Amayi, kuti zaka zonsezi ndinkakumverani chisoni.

Ndine mwana wanu wokusowani,

Vainess