Loweruka la Chiliza ndi Maseva a Achimwene

Zingwangwa, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti madzi akuvuta.

Ndalemba chifukwa cha achimwene a Damiano. Ndamva kuti amalume a Yesaya akwiya, akuti mwana wamwamuna wosabwera kuchiliza cha bambo ake wataya mtundu. Amayi, si mwano ayi. Ndawafunsa bwinobwino za ntchito yawo kuti ndisakulembereni zolakwika.

Pakoleji pamene akugwira ntchito pali makompyuta aakulu awiri otchedwa maseva, ina kuno, ina kunthambi ya ku Zomba. Wophunzira akafuna kulowa pa intaneti, masevawa amatumizirana dzina lake ndi pasiwedi kuti atsimikize kuti ndi iyeyo. Kale ankatumizirana poyera, moti wakuba akanatha kuwerenga. Achimwene anapatsidwa ntchito yokonza kuti zonse ziziyenda zobisika, komanso seva iliyonse iziyamba yaonetsa inzake satifiketi yake, chiphaso chotsimikiza kuti si yachinyengo.

Atayesa sabata yatha, ya ku Zomba inakana satifiketi ya kunoyi. Akuti wotchi yake inali itatsalira, ndiye inkaona ngati tsiku loti satifiketiyo iyambe kugwira ntchito silinakwane. Ophunzira analephera kulembetsa mayeso, ena mpaka anawatukwana achimwene pakhonde. Abwana awapatsa mwayi umodzi wokha, Loweruka lomwelo la chiliza, poti ophunzira sakhalapo. Zikakanikanso, sawalemba ntchito yokhazikika.

Achimwene akaweruka amangokhala pampando osavula nsapato. Nditawauza kuti aimbire amalume, anangoti, "Iwe Ezeliya, anthu akukamba za manda a bambo, ine ndizikamba za wotchi ya kompyuta? Andimva ndani?"

Pempho langa ndi ili. Tsiku musasinthe, poti ansembe munawauza kale. Koma mupite kwa amalume mukawafotokozere, ndipo muwapemphe alole ineyo ndidzayankhule pachilizapo m'malo mwa achimwene. Mukudziwa kuti pagulu mawu amandithawa, ngakhale kuwerenga kutchalitchi ndinakana. Komabe ndayamba kuyeserera ndikamachapa. Ndifika Lachisanu pa minibasi ya ku Nsaru. Amalume akakana ndidzakhala chete, koma chonde pamandapo asadzawatchule achimwene ngati munthu wothawa kwawo.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa mng'ono wanga Victoria ndi alamu, komanso kwa amalume omwewo.

Ndine mwana wanu wokukumbukani,
Ezeliya