Majini a Adada

Lachinayi. Kunja kwachita nkhungu tsiku lonse, mumtima mwanganso chimodzimodzi.

Tabwerako kuchipatala. Adada alandira mankhwala a khansa ya m'mimba kanayi tsopano, koma chotupa sichikuchepa. Bambo wa ku Lupaso amene anayamba nawo limodzi mankhwala omwewa, iye wayamba kale kudya bwino.

Ndinafunsa adokotala chifukwa chake. Anati mwina m'maselo a chotupacho muli tizinthu timene tamatirira pa majini ena n'kuwatseka pakamwa. Ndiye mankhwala akafika, majini oyenera kulamula maselowo kuti afe amangoti zii. Dzina la vutoli akuti methileshoni. Kutsimikiza sangatsimikize, akungoganizira.

Amama pa zonsezo anatolapo liwu limodzi lokha.

"Majini! Yewo chomene, adokotala. Ndimadziwa ine."

Mu minibasi ndinayesa kuwamasulira. "Amama, si mizimu yoipa ayi. Ndi malangizo a m'thupi amene aliyense amabadwa nawo."

"Iwe unawaonapo?"

"Ayi."

"Ungawamasule?"

"Ayi."

"Nanga adokotalawo?"

Ndinangoyang'ana pawindo mpaka kutsika ku Luwinga. Ine mphunzitsi wa bayoloje, zaka zonsezi ndikujambulira ana a eni majini pabolodi, lero Amama andigonjetsa.

Madzulo ano Adada abweza phala lonse. Mawa Amama akupita nawo kwa mneneri ku Geisha. Ndawapempha chinthu chimodzi, kuti Lolemba tisajombe kuchipatala. Ndimafuna kuwaletsa ulendowo, koma ndiwapatse chiyani m'malo mwake?

Shati yoyera yovala kumapempheroko ndawasitira ndine.